Mtsutso Umene Ndinapambana ku Wusakile

Amayi, kodi muli bwanji kumeneko kumene munatsogola?

Kuno tilipo. Mlongo wanga Esinati anabereka mwana wamkazi, ndipo tinamupatsa dzina lanu. Dimba lanu la ku Kafue latipatsa chimanga chochepa, poti abambo akaweruka pa ukalaliki wawo ku mgodi, khasu limawalemera. Koma ine zandionekera zoimitsa mutu.

Nditabwera kutchuthi kuchokera ku koleji ya ku Uganda, anyamata a bungwe la mtsutso anandiitanira ku holo ya m'komboni. Mwambo wake ndi wotere: mbali susankha wekha, amachita maere, ndipo uyenera kuiteteza ngakhale mtima ukukana. Mutu unali wakuti akazi opanda amuna abwezedwe kumidzi. Maere anandigwera kuti ndivomereze. Ndinaseka, ndinati ndi masewera onolera nzeru.

Mng'ono wanu, amayi aang'ono a Lute, amene akukhala nafe chimwalirireni amuna awo ndi chifuwa cha mumgodi, anandisitira malaya oyera nakakhala mpando wakutsogolo. Ndinalankhula m'Chingelezi, Amayi, ndinasanja mfundo ngati njerwa mpaka wotsutsana nane anagonja. Amayi aang'onowo, osamva ngakhale liwu limodzi, anaimirira ndi nthungululu, akufuula kuti, "Mwana wa akulu anga ameneyo!"

Sindinadziwe kuti kumbuyo kunakhala akuluakulu oweruza milandu ya m'komboni, womasulira akuwanong'oneza m'Chibemba. Posakhalitsa analengeza kuti amasiye ndi mbeta akwere lole yowabweza kumidzi, ndipo amayi aang'ono anatchulidwa. Mmodzi wa akuluwo anandigwira chanza pamsika, nati, "Mwana wophunzira, watitsegula maso." 

Kumudziko amayi aang'ono akafikira kwa yani? Munda wawo analanda kale, ndipo munkoyo, thobwa la kuno, umene amagulitsa ndiwo ukudyetsa ana awo. Munkanena kuti mpeni wakuthwa sufunsa kuti chala n'cha yani. Ine ndinkayesa mukunena za kusenda chinangwa.

Amayi aang'onowo ndinawamasulira zonse zimene ndinalankhula m'holo muja. Ndinayembekezera mbama. Koma iwo anangoti, "Ndiye kuti ndinalulutira ulendo wanga womwe? Chabwino, mwanawe. Pakamwa pamene panandikweza lole ndi pomwepo panditsitse."

Anzanga a bungwe akuti ndilibe mlandu, poti malamulo a mtsutso ndi omwewo. Ndakangana nawo mpaka ndatulukamo. Ndawauza kuti luso lokopa anthu lopanda chikumbumtima ndi ufiti wovala tayi.

Loweruka ndikaima pamaso pa akuluwo. Sindikupita kukawagonjetsa, pakuti munthu wochititsidwa manyazi sabweza chigamulo. Ndikayamba ndi kudzitsutsa ndekha, kenaka ndikawafunse mwaulemu kuti angakonde alongo awo amasiye asungidwe motani. Ndikalankhula m'Chinyanja ndi m'Chibemba changa chothyokathyoka, kuti amayi aang'ono amve liwu lililonse. Kaya akandimvera, sindidziwa.

Ndikukulonjezani, Amayi, kuti lilime limene munaliphunzitsa kupemphera silidzatetezanso chimene mtima wanga ukuchikana, maere agwe mmene angagwere. Ndipo lole ikabwera ndithu, koleji idikire; ndikwera nawo mpaka ndikawapezere pokhala.

Ndilekeze pano, amayi aang'ono akundiitana pakhonde. Akuuzira makala m'simbi, ndipo malaya ake ndi omwe aja.

Ndine mwana wanu wokukondani mpaka tidzaonane,
Filimoni