Lendi imene Bwana Makiyi anakana

Lolemba, 2 Juni

Chisamani chafika. Bwana Makiyi, eni nyumba ino, andisumira ku khoti kuti ndituluke mu shopu. Ati sindinalipire lendi miyezi itatu. Ine! Zaka khumi ndi chimodzi ndikusoka m'kachipinda kano, sindinadumphitsepo mwezi ngakhale umodzi.

Chimene akufuna ndikuchidziwa. Mkamwini wawo akufuna kugulitsira mafoni pompano, poti ndi pafupi ndi siteji ya basi. Kuyambira Marichi ndikatumiza lendi pa foni, amabweza. Katatu konse. Ndikati ndiwapatse pamanja, manja amabisa kumbuyo, makiyi ali ngwelengwele m'chiuno.

Zipi imodzi ndaisoka mozondotsa kawiri. Mtima ukuwira.

Lachitatu, 4 Juni

Ndinapita ku khoti ndi ndalama zonse mu envulopu, kuti azisunge iwowo. Kalaliki wa pa zenera lachitatu, mayi wa magalasi, anakana. "Sitingalandire, mayi, pokhapokha woweruza alamule." Kenako anatsitsa mawu: "Muli ndi umboni woti ankabweza?"

Mauthenga onse anapita ndi foni yanga yakale, ija inagwera mu ndowa. Ndabwerako ndi envulopu yanga.

Lachisanu, 6 Juni

Mkamwini uja anabwera kudzayeza khoma ndi tepi, ine ndili pa makina. Ati mashelefu adzakhala pamene pali galasi langa. Ndamuuza kuti tepi yakeyo waigwira mopotoka.

Lamlungu, 8 Juni

Akulu anga anabwera, ndinawalirira mpaka mamina. Iwo n'kuseka. "Iwe, umalemba ngakhale mtengo wa batani. Za lendi sunalembe?"

Buku la miyezo! Ine chilichonse ndimalemba pa tsamba la mwini wake: chifuwa, chiuno, msinkhu, tsiku lodzatenga. Bwana Makiyi ali ndi tsamba lawo, poti mabuluku awo onse ndimasoka ndine. M'munsi mwa miyezo yawo muli manambala a ndalama zimene ndinatumiza, masiku ake, ndi mawu anga atatu: abweza, abwezanso, abwezabe. Ndinawakumbatira akulu anga mpaka mpango unagwa.

Lachiwiri, 10 Juni

A ku kampani ya mafoni ayang'ana manambala aja, andisindikizira pepala. Zonse zikugwirizana. Ndaliika pakati pa buku, buku pansi pa pilo.

Lachinayi, 12 Juni

Tsiku la mlandu. Ndinavala suti yanga ya buluu, yosoka ndekha. Bwana Makiyi anabwera ndi loya, jekete lake manja aatali mpaka kuphimba zala. Ndinachita kudziletsa kuti ndisamuuze.

Nditangotulutsa envulopu, loya anadzuka. Ati khoti lino mphamvu yake ndi yoweruza amene akhale m'nyumba, basi. Za ndalama, kulandira kapena kusunga, ndi za khoti lina. Choncho nditulutsidwe kaye, za lendizo ndikadandaule kwinako. Makina anga panja, mayunifolomu a sukulu makumi anayi ali theka, ine n'kumayenda ndi envulopu khoti ndi khoti?

Woweruza, bambo wa imvi wolankhula ngati akuwerenga mawu ake, anapempha buku langa. Anatsegula tsamba lija n'kuwerenga mokweza: "Chiuno 42. Chiuno 44. Chiuno 46." Anthu kumbuyo anayamba kutsokomola. "Abweza. Abwezanso. Abwezabe." Anayang'ana pepala la kampani nthawi yaitali, kenako Bwana Makiyi.

"Bambo, ndalamazi munabweza?"

"Zinkabwera nthawi yolakwika, bwana."

"Pa 1 mwezi uliwonse?"

Makiyi a m'chiuno mwawo anangoti ngwelengwele.

Chigamulo Lolemba.

Loweruka, 14 Juni

Mayunifolomu khumi ndi awiri atha. Sindinapakire kanthu. Sindipakira.

Lolemba, 16 Juni

NDAWINA!

Ndilembe mmene ananenera ndisanaiwale. Woweruza anakweza chisamani chija m'mwamba n'kufunsa loya kuti chifukwa chonditulutsira analemba chiyani. Loya: "Kusalipira lendi." Woweruza: "Ndiye amene anabweretsa nkhani ya lendi muno ndani? Ndinu. Simungalowe nayo pakhomo langa kenako n'kundiuza kuti ndisaiyang'ane." Anati sangaweruze za nyumba osaona ngati ndalama zinaperekedwa, ndipo poti mwini nyumba akuzikana, khoti lizilandira m'malo mwake.

Pempho londitulutsa lakanidwa. Lendi ya miyezi itatu ija ndi ya mwezi uno ndapereka pa zenera lachitatu. Mpaka Disembala ndizilipira pomwepo, Bwana Makiyi azikatenga kumeneko.

Mayi wa magalasi anadinda lisiti mwamphamvu mpaka cholembera chinagwa pa tebulo. "Lero ndalandira, mayi." Akulu anga analulutira pa masitepe, wapolisi n'kutiuza kuti tikasangalalire kunja kwa mpanda. Tinamumvera, tinavina kunjako. Ndakondwa, ndakondwa zedi. Lisiti ndalimata pa tsamba la chiuno 46.

Lachinayi, 19 Juni

Wometa wa khomo loyandikana akuti anawaona dzulo Bwana Makiyi pa mzere ku khoti, kuyambira m'mawa. Atafika pa zenera, chitupa anaiwala kunyumba. Abwereranso lero. Wometa naye wagula buku.

Lachiwiri, 1 Julayi

Ndinali kumalizitsa kolala ya yunifolomu yomaliza pamene pakhomo panada. Sindinawamve Bwana Makiyi akubwera. Makiyi awo aja anali atawaika m'thumba.

"Mwadzuka bwanji, mayi?"

Zaka khumi ndi chimodzi ndakhala "iwe telala". Ndinayankha bwinobwino, n'kuwapatsa mpando. Sanakhale. Anayang'ana galasi, anayang'ana denga.

"Ya mwezi uno ija, mungondipatsa pamanja. Kuja mzere umatalika."

Anatambasula dzanja lomwe lija linkabisala kumbuyo. Ndinachotsa mapini pakamwa, ndinabaya limodzilimodzi pa kapilo ka mapini.

"Ndapereka kale m'mawa, bambo. Zenera lachitatu. Musaiwale chitupa."

Ndinaponda makina.