Pepala Limene Bambo Aang'ono Sanawerenge

Amayi anga okondedwa,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli bwino. Kodi mwendo uja ukumapwetekabe kukazizira? Mankhwala musamasiyire panjira mukangomva kupepukidwa, ndimakudziwani inu. Ine kuno ndili bwino, kupatula denga la chipinda changa limene likudontha pabedi penipeni. Eni nyumba akuti abwera mawa, ndipo mawa lawolo latha miyezi iwiri.

Ntchito ikuyenda. Munati anthu kumeneko akumakufunsani kuti digiri ya kayendetsedwe ka bizinesi imamufikitsa pati munthu. Muziwauza kuti anzanga amene tinamaliza limodzi ena ali kubanki, wina amalemba anthu ntchito pafakitale, wina anatsegula sitolo yakeyake. Ine ndili mu ofesi yogula katundu pahotela. Chilichonse cholowa pano, kuyambira supuni mpaka bedi, mapepala ake amadutsa patebulo panga.

Mapepala omwewo ndi amene andilembetsa kalatayi. Khalani kaye pansi.

Mukukumbuka tsiku limene inafika kalata yondiitana kuyunivesite? Bambo anali atangotisiya kumene, ndipo bambo aang'ono anali atalanda kale makiyi a shedi ya ukalipentala, n'kukuuzani kuti mkazi alibe chake pa matabwa. Ine ndi kupusa kwanga ndinathamangira komweko kukawaonetsa kalatayo. Anawerenga mutu wokha n'kuseka mpaka kutsokomola. Anati kugulitsa sikulira sukulu, ngakhale mayi wa tomato pamsika amakudziwa, ndipo pepala silinakhomepo msomali. Kenaka anaipinda kanayi n'kuilowetsa pansi pa mwendo wa benchi imene inkagwedera. Ndinagwada mu utuchi kuisolola amisiri onse akuyang'ana, ndipo kuyambira tsikulo ndinasanduka Namapepala. Inu munati ndiiwale. Amayi, sindinaiwale. Zaka zinayi zonse ndinkawerenga ndi mkwiyo umenewo.

Tsono mwezi wathawu hotela yathu inalengeza kuti ikufuna mipando mazana awiri ya m'chipinda chodyera. Pa maenvelopu amene anafika, imodzi inali ya shedi yathu ija. Nditaona zithunzi ndinaizindikira mipandoyo pomwepo. Mipando yake ndi ija ya bambo, ya msana wokhota, koma m'kalatamo bambo aang'ono akudzitama kuti luso ndi lawo. Manja anandiyabwa kuti envelopuyo ndiigwetsere kuseri kwa kabati, palibe akanadziwa. Koma kusukulu anatiphunzitsa kuti mbale wako akakhala pampikisano, umanena poyera n'kutuluka m'chipinda anzako azisankha. Ndinawauza abwana, ndinatuluka ndikutukwana chamumtima.

Anasankha shedi yathu. Sindinadabwe, amisiri aja anawaphunzitsa ndi bambo.

M'mawa mwake loya wa hotela anandiitana n'kundifunsa ngati ndikuwadziwa mayi amene dzina lawo lili pa satifiketi ya bizinesiyo. Amayi, ndi dzina lanu! Bambo analembetsa shediyo m'dzina lanu kalekale. Bambo aang'ono akhala nayo satifiketiyo zaka zonsezi, aijambulitsa okha, atitumizira okha, osaiwerenga n'komwe. Loyayo akuti mgwirizano sangasayine wina koma mwini shedi, ndipo abwere yekha ndi chitupa chake. Ndinathawira kuchimbudzi kukaseka, kuopa kuti anthu angati ndapenga. Kuona maso a nkhono n'kudekhadi.

Dzulo bambo aang'ono anandiimbira foni, koyamba chimwalirireni bambo. Ndinangomva ndikutchulidwa kuti mwana wanga, mawu ake ofewa ngati akunyengerera khanda. Akuti ndiwathandize kukonza kadzina kolakwika kamene kali papepala. Ndinawayankha mwaulemu wonse kuti ine zokonzakonza sindizidziwa, mmisiri ndi iwo. Akuti matabwa agula kale lole yathunthu, ndipo ndikudziwa kuti alengeza paliponse kuti hotela yawagwadira.

Pempho langa ndi limodzi. Abwera kwanuko, mwina atanyamula shuga ndi sopo, ndi pepala loti mupereke shediyo kwa iwo. Musasayine, musadinde chala, ngakhale alire, ngakhale abwere ndi azakhali kudzawalankhulira. Mtima wanu ndimaudziwa, mumamvera chisoni ngakhale galu amene wakulumani. Ulendo uno mubwereke wanga. Makiyi abweze kaye m'manja mwanu. Loweruka ndikubwera kudzakutengani, mudzasayine nokha kuno mutavala diresi yanu yobiriwira ija. Ntchito akaifuna sitiwakaniza, pulani ya mpando amaitha ndithu. Adzangolemba kalata yofunsira ntchito, ndipo ine ndidzaiwerenga yonse mpaka pansi.

Akafika musawalandirire pa sofa. Muwapatse kampando kogwedera kaja ka kukhitchini. Akadandaula, muwauze kuti pepala abwera nalolo alipinde kanayi.

Mundiperekere moni kwa achimwene ndi alamu. Mng'ono wanga mumuuze alimbikire sukulu, anthu aziseka momwemo. Azakhali muwapatse moni wokha, nkhaniyi ayi.

Ndine mwana wanu,
Namapepala