Ndinathawa duwa la mkamwini wanga

Aphungu,

Pa msonkhano wa Amalawi a kuno mwezi watha, a wapampando ananena motsindika kuti mwambo wathu sunatsale pa bwalo la ndege pobwera ku London. Anati mpongozi ndi mkamwini sayandikana, sakhudzana, ndipo palibe Mmalawi wolongosoka kuno amene anauphwanyapo mwambowu. Ine ndinawomba m'manja kuposa onse, chifukwa ndinali nditangousunga kumene pamaso pa anthu. Koma wandiika m'mavuto.

Mwana wanga Alinane, yemwe ndi namwino, anakwatiwa ndi mnyamata wa ku Korea dzina lake Sang-min. Ndisabise, ndimamunyadira. Akamandipatsa chinthu amagwira ndi manja awiri. Salowa m'nyumba ndi nsapato, ndipo sayamba kudya wamkulu asanayambe. Anyamata ena obadwira kwathu komwe zimenezi anaiwala kalekale.

Kuzizira kukatha, mitengo ikayamba maluwa, anthu a kwawo amakhala ndi zikondwerero zotsatizana. Pa 8 Meyi amalemekeza makolo. Chaka chino anandiitana ku New Malden, kumene kumakhala amayi ake. Ndinavala chitenje changa chapamtima n'kukwera sitima. Tinadya nyama yowotchera patebulo pomwepo, ndi kabichi wawo wa tsabola uja, yemwe ndinamupirira mwaulemu.

Titatha kudya, ana awiriwo anatikhazika pampando ine ndi mayi mnzangayo, n'kugwada mpaka zipumi kugunda pansi. Aphungu, mwamuna wamkulu, wa ntchito yake, kundigwadira ine wa ku Dowa! Misozi inalengeza. Kenaka Sang-min anatenga duwa lofiira n'kuwamangirira amayi ake pachifuwa ndi phini. Anatenga lachiwiri, n'kutembenukira kwa ine, manja atalunjika pachifuwa panga.

Sindinaganize n'komwe. Ndinangozindikira ndili kukhitchini kwa eni ake, nditagwira chitseko. Duwa lija linagwera pansi. Alinane ananditsatira n'kunena kuti, "Mum, mwatani kodi? Ndi duwa chabe!" Ndinamuyankha kuti, "Iwe, mkamwini andigwire pachifuwa? Abambo ako angadzuke kumanda." Tsiku limenelo tinatsanzikana mozizira.

Kuyambira pamenepo, Sang-min akabweretsa Alinane kwathu amatsala m'galimoto, n'kuweramitsa mutu ali patali. Ine ndinkasangalala, ndimvekere mwanayu waphunzira mwambo msanga. Alinane ndiye wandiuza kuti ayi, mnyamatayo akuganiza kuti ndinamukana kukhala mwana wanga.

Tsopano Alinane ndi woyembekezera. Tinagwirizana kale kuti ndidzapita kukakhala nawo pa chikuta. Koma mayi mnzanga uja watumiza mawu akuti ndisavutike, adzapita yekha ndi msuzi wawo wa ndere za m'nyanja umene amapatsa mayi wongochira kumene, poti ine sindingakhale nyumba imodzi ndi mwana wake. Mdzukulu wanga woyamba, Aphungu. Ndichite bwanji kuti ndisataye mwambo komanso ndisataye mdzukulu?

E.M., Ilford

Mayi E.M.,

Yambani ndi kunyada, chifukwa muli nacho chonyadira. Munalera mwana amene anasankha bwino. Ku Ilford komweko kuli azimayi ambiri amene akamwini awo amawapatsa moni ndi chibwano, maso ali pa foni. Wanu anagunditsa chipumi pansi.

Nkhani yanu ndi ya anthu awiri aulemu amene anagundana mitu. Iye anayandikira chifukwa amakulemekezani, inu munathawa chifukwa mumamulemekeza. Vuto ndi lakuti chifukwa chanucho iye sakuchidziwa. Anangoona mayi wamkulu akuthamangira kukhitchini amayi ake akuyang'ana. Choncho woyamba kulankhula ndinu.

Musatume Alinane. Ali ndi katundu wake kale, komanso mawu otumiza amafika ataonda. Kwerani sitima yomwe ija mubwerere ku New Malden, muyambe ndi mayi mnzanuyo, ana akhale omasulira basi. Muwauze poyera kuti kwanu mpongozi amatalikirana ndi mkamwini pomupatsa ulemu, ndipo munthu amene sakumuwerengera samuthawa. Mayi amene analera mwana wogwada chotero sangalephere kumva nkhani ya ulemu.

Mwambowo musaunyoze, koma muukumbukire wonse. Akuluakulu ambiri kumudzi ankadziwa kuti kupewana sikukhala mpaka kalekale. Nthawi ikakwana pankaperekedwa kamphatso monga nkhuku, anthu n'kuyamba kulankhulana momasuka. Nkhuku yamoyo sangakuloleni kukwera nayo sitima, ndiye mkamwini wanuyo musokereni malaya a chitenje. Mumupatse nokha, m'manja mwake.

Kenaka mupempheni duwa lina lofiira. Akupatseni m'manja, mulandire ndi manja awiri, monga amachitira kwawo komanso kwanu. Phiniyo mumange nokha, iye akuona, ndipo mulivale mpaka mukafike ku Ilford. Pachifuwa sanakugwireni, duwa simunalikane. Chaka chamawa aliyense adzakhala akudziwa pamene manja ake athere.

Za chikuta, musapikisane. Mbaula ya Alinane ikhoza kuphika msuzi wa ndere mbali ino, phala lanu mbali inayo. Mukafunse mayi mnzanuyo akuphunzitseni msuziwo, ngakhale simudzaukonda. Munapirira kabichi, mupiriranso.

Chenjezo langa ndi ili: musadikire kuti mwana abadwe, poganiza kuti khanda lidzakonza zonse. Amene adzakhala atalowa kale m'nyumbamo ndi mapoto ake sadzatulukanso, ndipo inu mdzukulu mudzamuonera pa foni. Pitani sabata ino.

Ndipo musakafunse nzeru kwa a wapampando anu aja. Ndimawadziwa. Amakhala fulati imodzi ndi apongozi awo ku Edmonton, ndipo amene amawameta tsitsi ndi apongoziwo.