Khadi Limene Atate Asunga M'thumba

Amayi anga, kodi mukukhala bwanji kumene muliko?

Ine ndilipo, koma mtima wanga ndi wotupa, ndipo ndikuuziranitu kuti kalata ya lero si yokoma. Paja munkatiletsa kuyamba ndi madandaulo tisanapereke moni, choncho ndiyambe ndi za pakhomo.

Kuno ku Chelstone tonse tili bwino. Mdzukulu wanu Tamara anachira mvula itangotha, mwana wamkazi, ndipo tamutcha dzina lanu. Tsopano m'nyumba muno muli Esinati wina, wachipumi ngati chanu, wosafuna kuikidwa pansi. Kamunda kanu ka ku Makeni ndinayesa kulima, koma mvula inadula chimanga chili m'mawondo, moti tinangopezamo chootcha ndi maungu ochepa. Magetsi akuthimathimabe monga munawasiyira. Atate ali ku Kabwata komweko, akana kwamtuwagalu kusamukira kwa ine, akuti mpando wanu ungasowe woupukuta. Miyendo ikuwavuta, koma kudya akudya.

Tsopano imvani zimene wachita mwana wanu Lameki.

Mukukumbukira Lamlungu lija anthu a wailesi yakanema anabwera kutchalitchi kwathu kudzajambula amayi a chigwirizano? Sabata yotsatira anakuonetsani pa tivi, ndipo Lameki anadina batani lofiira pa dikoda ija anakugulirani, nyimbo yonse n'kutsala m'katimo. Inu ndinu munkatsogolera. Munakweza dzanja kuti anzanu asathamange, munamuyang'ana ndi diso loipa mayi wina amene analowa msanga, ndipo pomaliza munaseka mutagwira pakamwa. Mphindi zinayi zokha. Mwezi wonse munkaziona n'kumadandaula kuti duku lanu linapendekeka ndipo palibe anakuuzani. Zithunzi zanu tili nazo zambiri, koma mawu anu sanatsale kwina kulikonse, chifukwa munthu akakulozetsani foni munkathawa, mukuti foni ndi yolankhulira, si yotsekeramo anthu.

Tsiku lotsatira titakuikani, alongo anu, amalume a ku Katete, anayala mphasa pabwalo kuti agawe katundu wanu. Ine anandipatsa zitenje, miphika ndi makina osokera. Atafika pa dikoda anati zamagetsi n'za mwana wamwamuna, komanso ndi Lameki yemwe anagula. Atate anali khale pansi chapakona, mutu uli zyoli, poti wofedwa salankhula pogawa katundu. Ndiye ndinawalankhulira ine. Ndinati bokosilo likhale m'nyumba momwemo, chifukwa muli mkazi wawo. Amalume anandidzudzula kuti ndikudula akulu pakamwa, ndipo Lameki, pamaso pa anthu onse aja, anandiyankha akumwetulira:

"Ba sisi, ngati mufuna kuona ba mami, geti yanga muiziba. Muzagogoda chabe."

Amayi, mtima wanga mumaudziwa, ndinatengera inu. Ndinalumbira pomwepo kuti phazi langa silidzaponda kwake ku Kabulonga, ndipo chaka ndi miyezi itatu ndinasunga lumbiro langa. Kabulonga yakenso ndi ya dzina chabe, kanyumba ka kuseri kwa nyumba ya eni ake, koma akamatchula ungati msewu wonse ndi wake. Atate okha ndiwo ankapita. Loweruka lililonse ankavala jekete, kukwera mabasi awiri ndi miyendo yawo ija, kukakhala pampando wa mwana wawo ngati mlendo, n'kukuonani kawiri kapena katatu. Akamwa tiyi ankabwerera. Pobwera ankandiimbira foni kundiuza kuti amayi ako aimba bwino lero, ngati kuti nyimboyo imasintha.

Ndiye kwamveka za bokosi latsopano. Silinafike n'komwe, koma Lusaka yense ali pakamwa yasa. Zikwangwani zili m'misewu yonse kuchokera m'tauni mpaka ku Woodlands, ndipo ngakhale kutchalitchi anthu akunong'onezana za ilo ulaliki uli m'kati. Akuti dishi ikhala padenga monga kale, koma bokosi lomwelo lizipatsanso nyumba yonse intaneti, mafoni onse azikokera momwemo. Akuti ukaphonya nkhani za madzulo uzidzazibweza, filimu uzisankha wekha nthawi imene wafuna, ndipo wachibale wa kunja uzilankhula naye nkhope yake itadzaza tivi yonse. Inu mukanangoti, nanga lizitsukanso mbale?

Ogulitsawo analengeza kuti amene abweze dikoda yakale msanga ndiwo alembedwe poyamba pamndandanda. Mwana wanu mumamudziwa. Kuyambira ali wamng'ono sankafuna kuti chinthu chatsopano chiyambire kwa mnzake, ndipo inu munkamuchenjeza kuti ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada. Anadzuka m'mawa, kuzula mawaya, kuika bokosi m'galimoto, n'kukalipereka m'tauni osauza aliyense.

Sindimunamizira, sanakuiwaleni. Asanalipereke anasolola kakhadi kamene kamalowa kutsogolo kwa dikoda. M'mutu mwake ankaganiza za foni: ukasintha foni umachotsa simu, ndipo manambala a anthu ako onse amasamuka nayo. Ndiye anati inunso muli m'khadimo. Anapita nalo ku Kabwata, kugwada pamaso pa atate ngati wabweretsa mphatso yaikulu, n'kuwauza kuti asunge, bokosi latsopano likabwera adzangolowetsa khadilo ndipo mudzaoneka bwino kuposa kale. Sanafunse munthu aliyense kusitoloko. Lameki safunsa, amadziwa zonse. Safunsa anadya phula, koma phula la ulendo uno tadya tonse.

Ine ndinazidziwa patapita masabata awiri, nditawapititsira atate ndiwo. Anatulutsa khadilo m'thumba la malaya, atalikulunga m'kapulasitiki pamodzi ndi chitupa chawo, n'kundionetsa monyadira. Anati tsopano amayi ako ndikuyenda nawo. Ndinakayika, koma nanenso sindinali wotsimikiza. M'mawa mwake ndinapempha kutuluka msanga kuntchito, n'kukwera basi ya m'tauni.

Kusitoloko mzere unafika panja, aliyense atakumbatira dikoda yake ngati akupita ku sikelo ndi mwana. Nditafika kutsogolo ndinapeza mayi waulemu wake, ndipo ndinamufotokozera zonse. Iye anatsitsa mawu.

"Pepani mami. Khadi ni kiyi chabe yosegulila machanelo. Vonse vamene munasunga vinali mukati mwa bokosi."

Ndinafunsa kumene kuli bokosilo. Anati akale onse amawafufuta sabata yomweyo, n'kuwatumiza kwina, ndipo la Lameki linapita kalekale. Anayesa kuimba foni kuwiri, anandilembera dzina papepala, koma nkhope yake inali itandiyankha kale. Potsazikana anawonjezera kuti bokosi latsopanolo lilibe n'komwe polowetsa khadi lotere. Ndinatuluka osadziwa kuti ndikupita kuti, mpaka wogulitsa nthochi wina anandikoka dzanja kuti minibasi ingandigunde.

Tsiku lomwelo ndinaphwanya lumbiro langa. Ndinapita ku Kabulonga, ndinagogoda pageti paja. Ndinapeza Lameki ndi mkazi wake pabalaza, tivi ili zii, pansi pake mawaya ali lende pamene panali bokosi. Sindinakhale pansi. Ndinamuuza zimene ndinamva, ndipo poyamba anaseka, akuti mayi wakusitoloyo sadziwa ntchito. Anaimbira mnzake wokonza madishi ine ndili pomwepo. Ndinaona nkhope yake ikugwa pang'onopang'ono foni ili kukhutu, kenako anakhala pansi penipeni, pasimenti.

Mukanakhala inu mukanamumvera chisoni. Ine ayi. Ndinamuuza zonse zimene ndinasunga chaka chathunthu. Ndinati analanda bambo wokalamba mkazi wake kuti anthu amuone kuti ndi mwamuna, ndipo tsopano wasinthanitsa mayi ake ndi dzina pamndandanda. Ndinati tinakuikani kamodzi ndi anthu, iye wakuikani kachiwiri yekha. Mlamu wanga anayesa kundigwira phewa, ndinamukankha. Lameki anandisiya ndilankhule mpaka mawu anandithera, kenako anadzutsa mutu, maso ali psuu.

"Nalakwa, ba sisi, navomela. Koma imwe chaka yonse munali na foni m'manja. Munakangiwa kubwela kukopako olo kamozi?"

Amayi, ananena zoona. Zinali zongoima patsogolo pa tivi mphindi zinayi, foni ili m'mwamba, basi. Ndinaziganizapo kangapo. Tsiku lina Tamara anandipempha kuti apite iye akajambule, ine n'kumukaniza, ndikuti mwana wanga sakagogoda pakhomo pa munthu amene ananditukwana pagulu. Ndinkati bokosi lilipo, silithawa, Lameki adzayamba ndiye kupepesa. Munkati mbewa ya manyazi inafera kudzenje, koma anga sanali manyazi n'komwe, kunali kudzikuza. Ndimamukwiyira Lameki ndikadzuka, pofika masana ndimakhala nditadzikwiyira ndekha.

Kuyambira tsiku limenelo Lameki wayesa, zimenezo ndimupatse. Wafufuza pa intaneti mpaka maso kutupa, ndipo wapezamo makwaya a mipingo yonse ya m'dziko muno, kupatula yanu. Anapita kwa anthu aja anakujambulani, anamuuza kuti mapulogalamu akale otere sawasunga. Wafunsa amayi a chigwirizano mmodzimmodzi, ndipo aliyense akuti ankadalira kuti zili kwa ana a Esinati. Dzulo ndimayesa kukumbukira mmene munkakwezera mawu pa ndime yachiwiri, ndipo ndinapeza kuti ndikumva mawu anga, osati anu. Ndinalira kubafa kuti Tamara asandione.

Koma chimene chandilembetsa kalatayi ndi ichi: atate sakudziwa. Lameki wandichonderera kuti tisawauze, akuti mwina china chipezeka, akuti mtima wawo ndi wofooka. Ine ndikuona kuti akungoopa nkhope yawo. Pakali pano atate amandiimbira m'mawa uliwonse ndisanapite kuntchito, ndipo moni wawo ndi umodzi: kodi lafika? Loweruka amavalabe jekete, n'kukhala pakhonde, poti alibe kopita. Awerenga zonse zimene nyuzipepala yalemba za bokosilo, ndipo amandifotokozera ine mmene lizigwirira ntchito. Aitana kale anzanu awiri a kwaya kuti adzapite nawo ku Kabulonga tsiku loyamba, auzanso Tamara kuti adzabwere ndi khanda, Esinati wamng'ono adzamve mawu a mwini dzina. Sabata yatha malaya awo anachapidwa khadi lili m'thumba, ndipo anakhala tsiku lonse osadya, mpaka Lameki anawatsimikizira kuti madzi salowa m'katimo.

Lameki walandira uthenga kuti ali m'gulu loyamba, monga ankafunira. Akuti mabokosi afika mwezi wamawa. Lusaka yense akuwerenga masiku, ndipo ine mwana wanu, amene munandiphunzitsa kupempherera odwala ndi apaulendo, ndakhala ndikupemphera kuti malole onyamula mabokosiwo achedwe pamalire. Taonani pamene ndafika.

Sindingapitirize chonchi. Atate sayenera kudzamva zimenezi ali pabalaza pa Lameki, khadi lili m'manja, akufunafuna polilowetsa pamaso pa alendo amene aitana okha. Ndikukulonjezani kuti Lamlungu likubwerali, tikangotuluka m'tchalitchi, ndipita ku Kabwata, ndipo Lameki ndimutenga afune asafune. Tikagwada tonse awiri. Iye akanena zake, ine ndikanena zanga, osabisa za foni zija. Akatithamangitsa tikabweranso m'mawa mwake. Khadilo sindikawalanda, akafuna kumayendabe nalo aziyenda nalo.

Kwa inu ndili ndi pempho limodzi, ngakhale ndikudziwa kuti abusa sangakondwe nalo. Ngati kumeneko amalola kutuluka, Lamlungu limenelo mudzawayendere atate kutulo, mudzawaimbireko ngakhale ndime imodzi. Ife ana anu tawalanda, ndipo tilibe chowabwezera.

Ndimakukondani, amayi, ndipo pepani.

Ndine mwana wanu woyamba,
Dailesi