Mabawuti Omwe Akapitawo Anamanga

Lolemba, 6 Meyi

Mpukutu wa chitsulo cha mkati mwa thiransifoma wafika! Chitsulo chopyapyala kuposa pepala. Anachiziziritsa mwachangu chili chosungunuka, tinthu tamkati mwake tisanafole pamzere. N'chifukwa chake maginito amatembenukamo mosavuta, osachitenthetsa. Bwana andipatsa mpaka Lachisanu. Thiransifoma yanga ikapanda kuzizira kuposa yakale, ndibwerera kokulunga mawaya. Digiri yonseyi!

Akapitawo achigwira, chawacheka chala. "Mphwanga, izi n'zokutira maswiti."

Lachiwiri, 7 Meyi

Mu uvuni, madigiri 360. Dzanja limayabwa kuti ndikweze moto zithe msanga, koma chikapsa mopitirira chimasanduka chitsulo wamba. Ndadikira. Chatuluka chosachedwa kusweka, ndachinyamula ngati khanda.

Lachitatu, 8 Meyi

Ndayatsa mathiransifoma onse awiri maola atatu. Yakale yatentha madigiri 58, yanga 41! Vuto, yanga ikulira kwambiri. Akapitawo akhala akuyeza mathiransifoma ndi khutu zaka makumi atatu. Akuti yolira chonchi ndi yodwala. Ndawayankha kuti khutu si chipangizo. Anzathu aseka, iwo ayi.

Lachinayi, 9 Meyi

Yanga yafika 57. Phokoso lachepa, kutentha kwakwera. M'mawa wonse kufufuza mawaya, osapeza kanthu. Masana ndaona mabawuti, omangidwa gwa. Chitsulochi chikafinyidwa maginito amavutika kutembenuka. Zimenezi sindinauze aliyense, ndinali kalikiliki kuoneka wanzeru.

Ndawafunsa Akapitawo, avomera kuti amanga ndi iwo. "Ndimakuthandiza, mphwanga. Bwana akanamva phokoso lija akanakubweza pomwepo."

Ndimafuna kukalipa koma ndatenga pensulo. Ndawajambulira papepala mmene chimagwirira ntchito. Angoti "mhm," n'kuika pepalalo m'thumba. Ngati chasweka mkati, mpukutu wina palibe.

Lachisanu, 10 Meyi

Ndawapeza atamasula kale mabawuti, ataikanso zidutswa za tayala pansi kuti tebulo lisamachite nawo phokoso. Maola atatu: 43. Sichinasweke.

Bwana alowa, akwinya nkhope ndi phokosolo. Ayang'ana Akapitawo, osati ine.

Akapitawo azimitsa magetsi. Dzanja pa yakale, achotsa msanga. Dzanja pa yanga, alisiya pomwepo nthawi yaitali.

"Khutu likukana, bwana, koma dzanja lavomera."

Bwana atatuluka, atulutsa pepala lija, lodetsedwa kale ndi girizi, alitambasula patebulo.

"Iwe wadigiri, bwera kuno. Uvuni uja umati madigiri angati?"