Abwana akufuna ndibwerere ku mchere kuti supu akome

Aphungu,

Pepani ndi kalembedwe kangaka, sukulu sindinapite nayo patali, komanso ndikulemba ndili ndi mkwiyo.

Ndine mayi wa ana atatu, ndimaphika pa kantini ya fakitale yosoka zovala. Chaka chatha miyendo inayamba kutupa mpaka nsapato kukana. Kuchipatala anati impso zanga zafooka, sizidzabwerera mwakale, koma ndikasiya mchere zitha kundisunga ndisanafike pa makina osefa magazi. Ndinamvera. Kunyumba ndinasiya mchere, timakyubu tokometsera ndiwo, soseji, zonse. Poyamba ndinkangokhala ngati ndikutafuna pepala, kenako ndinazolowera.

Vuto lili apa. Lilime langa lasintha. Ndikalawa mphika wa kuntchito ndimamva kuti mchere wakwana, pamene osoka akuti mulibe kanthu. Bambo wina wodula nsalu anandifunsa pa mzere, anthu onse akumva: "Mayi, kodi tagonekedwa mu wodi yanji muno?" Anzake anaseka mpaka kugwetsa masipuni. Mawa lake ndinathira mwamantha, ndiye ndinapyoza muyezo, nyemba zonse zinabwerera m'mbale.

Abwana a kantini anandiitanira kustolo, pakati pa matumba a mpunga. Ndinawafotokozera za impso. Yankho lawo linali lakuti: "Ndiye muzidyako mchere pang'ono kwanuko kuti lilime libwerere. Ine ndinalemba ntchito wophika, osati wodwala." Akuti mwezi ukatha madandaulo akadalipo, epuloni ndiisiye pa msomali.

Aphungu, munthu ameneyu ndamuphikira kuyambira kantini ili ndi mapoto awiri okha. Lero andiuze kuti ndidziphe pang'onopang'ono kuti supu akome? Chondiwawa kwambiri n'chakuti ngakhale mchemwali wanga ali mbali yawo, akuti kamchere ka pachala sikanaphepo munthu. Tulo sindikutiona. Ndikangovula sokosi ndimadina mwendo kuona ngati chala chikusiya dzenje. Ntchito ikatha ana adya chiyani? Nanga impso zikatha awalera ndani?

Ine wothedwa nzeru,
E.N.

Mayi E.N.,

Mkwiyo wanu ndi woyenera, nanenso wandigwira. Abwana anuwo si dokotala, ndipo impso akuzitsatsa malondazo si zawo. Musabwerere ku mchere. Lilime lanu silinawonongeke, aliyense akachepetsa mchere lilime limasintha chomwecho.

Komabe osokawo sakunama, chakudya chikuwasukulukira. Ndiye lilime lanu lipume pa ntchito yolawayi. Pezani mnzanu wa m'khitchini amene dzanja lake anthu salidandaula. Iye athire mpaka anene kuti wakwana, inu mukuwerenga masipuni. Kuyambira pamenepo mphika womwewo, sipuni yomweyo, muyezo womwewo, ndipo wolawa pomaliza akhale iyeyo. Tsiku limene kulibe, lawani n'kulavula, mutsukuluze mkamwa. Chakudya chanu muzipatula mchere usanalowe. Patebulo pazikhalanso mchere, wofuna wambiri adzithirire yekha.

Pemphani dokotala akulembereni kalata, mupite nayo kwa abwanawo muli ndi mboni. Akaumirira zokuchotsani, kafunseni ku ofesi yoona za apantchito musanasaine pepala lililonse. Mchemwali wanuyo mumutenge tsiku lopita kuchipatala, akadzimvere yekha.

Chenjezo langa nali. Wina akakubweretserani mchere umene amati ndi wa odwala, musaufulumirire. Wambiri umakhala ndi potaziyamu, amene impso zofooka zimalephera kumutulutsa, ndipo akachuluka m'magazi amasokoneza mtima. Funsani kaye dokotala.

Ngati abwanawo adzagonje, sindikudziwa, ndipo sindikunamizani. Mphika mungaukonze sabata yomwe ino, koma ntchito yanu ikadali m'manja mwa munthu amene mpaka pano sanakumvereni.