Akuti mowa wanga wasefukira chifukwa ndine wotentha

Aphungu,

Ndine mayi wa ana atatu, ndimakhala kufupi ndi Chiringa. Amuna anga a Elton ali ku Joni, chaka chachiwiri chino. Loweruka tikuvundukula chiliza cha apongozi anga aamuna, ndiye abale awo anandipempha kuti ndifulule masese, poti dzanja langa kuno limadziwika.

Phala ndinaphika limodzi n'kuligawa m'migolo iwiri. Wina ndi wanga, chimera chake cha mapira ndinameretsa ndekha. Winawo ndi wapulasitiki wa alamu anga a Aliness, mlongo wawo wa amuna anga, ndipo chimera anabwera nacho okha. Kunena zoona chinkanunkha chinyontho, mwina muli timadontho tobiriwira, koma ndinachita manyazi kuchikana.

Kutacha, mgolo wanga unali ukuwira mochita kumveka, thovu lodera lija mpaka kusefukira pansi. Wa alamu uli zii. Pamwamba payala kanthu koyera kamakwinya, ndipo ukatunga ndi chipanda ukutsika monanda ngati therere.

Mukudziwa kuti kuno wofulula mowa wa malemu amadika, sayandikana ndi mwamuna, apo ayi amati ndi wotentha ndipo mowa umaonongeka. Alamu ataona thovulo anandifunsa pamaso pa azimayi anzanga kuti, “Mowa suthawa mumgolo pachabe. Achimwene ali ku Joni, nanga inu mwatenthera kuti?”

Aphungu, ndinasowa poika nkhope. Ine sindinayendepo ndi mwamuna wina aliyense. Tsopano akuti wanga utayidwe, anthu amwe wawo wozizirawo, ndipo chiliza chikatha awaimbira achimwene awo. Banja langa lithe chifukwa cha thovu? Kapena mowawo waonongekadi ine osadziwa?

E.M., Chiringa, Phalombe

Mayi E.M.,

Ndakuyankhani msanga poti mowa sudikira munthu. Khazikani mtima pansi: mgolo umene akuuloza chalawo ndiye wabwino. Woti utayidwe ndi wa alamu anu.

Mowa wamoyo umawira, umatulutsa thovu, ndipo thovulo limakankhira gaga wa chimera pamwamba, n'chifukwa chake limaoneka lodera. Ngati mudadzaza mgolo mpaka kukhosi, ndi kutentha kwa ku Phalombeko, usefukira basi. Ununkhizeni. Fungo likhale la mowa, lolasa pang'ono m'mphuno. Kuwawasa pang'ono ndi chibadwa cha masese, musaope.

Choopsa ndi chete uja. Mowa umene wayala kanthu koyera pamwamba osawira, umene ukunanda, kapena ukununkha ngati dzira lovunda, walowa tizilombo toononga. Mukaona chuku chaubweya, chobiriwira kapena chakuda, musalawe n'komwe. Gwero lake mwalitchula nokha: chimera chachuku. Nawonso mgolo wapulasitiki ukakandika m'kati umasunga litsiro m'mizeremo, ngakhale muutsukuluze kangati. Afunseni alamuwo kuti munkakhala chiyani.

Apa nanunso ndikukalipirani. Mphuno yanu inakuuzani zoona, inu n'kusankha manyazi. Mmisiri wa mowa sachita zimenezo, mayi.

Chitani izi lero lomwe. Itanani amayi awiri achikulire odziwa kufulula, osakhala a kwanu okha, mmodzi akhale wa kuchimuna. Musawauze mgolo wa uje ndi uti. Atunge m'migolo yonse, aone, anunkhize, anene okha. Ngati chimera cha alamu chinatsalako, chiikeni pa lichero aliyense achione padzuwa. Za kudika sinditsutsana ndi akuluakulu a kwanu, koma funso ili muwafunse mofatsa: phala linali limodzi, manja amodzi omwewo, bwanji kutenthako kwasankha mgolo umodzi?

Wanuwo upunguleni pang'ono mu ndowa yotsuka ndi madzi owira, muvundikire ndi nsalu yoyera, osati chotsekera cholimba. Mthiko ndi chipanda zimene zalowa mumgolo winawo zisayandikire.

A Elton aimbireni inuyo, musadikire Loweruka. Afotokozereni zonse monga mwandilembera ine, kuphatikizapo mawu a mlongo wawo. Nkhani yotere imapweteka kwambiri munthu akaimva kwa wina ali kutali.

Chenjezo langa ndi ili: musayerekeze kusakaniza migolo iwiriyo pofuna kusangalatsa alamu, kapena kuthira shuga kuti woonongekawo udzuke. Chuku sichitha ndi shuga. Ndikudziwa kuti kutaya mowa wa mlamu pa chiliza cha bambo ake n'kowawa, ndipo mwina sakulankhulitsani mpaka mvula igwe. Pirirani. Mukaulola kuti ufike pabwalo, anthu n'kutsegula m'mimba, palibe adzakumbuke kuti chimera chinali cha a Aliness. Adzati anafulula ndinu, ndipo pamenepo ndiye bodza lija lidzapeza mboni mudzi wonse.

Aphungu